Nsalu pa Diso la Jilali

"Agogo, kodi diso limeneli zimene laona limakazisunga kuti?"

Anafunsa motero Nouhaila, mdzukulu wa Mbarek, tsiku lina la tchuthi atabwera naye kumsika. Mwanayo anaima kutsogolo kwa shopu ya Jilali, pamene amuna awiri akuluakulu ankalumpha ndi kuponya zibakera m'malere, ndipo pa TV yaikulu tianthu tiwiri tinkalumpha ndi kuponya zibakera chimodzimodzi. Anthu anaseka. Jilali anamutsina tsaya nkumuuza kuti zimapita m'mimba mwa mphaka. Mbarek sanaseke. Sanali munthu woyankha za chinthu asanachitsegule nkuona mkati mwake.

Chaka chimenecho msika wa zamagetsi mu Casablanca unapenga nalo diso. Kanali kachipangizo kakuda kokhala pamwamba pa TV, kolumikizidwa ku makina a magemu, ndipo munthu ankasewera ndi thupi lake lokha, m'manja mulibe kanthu. Makatoni akafika m'mawa, pofika masana atha. Madokotala, oyendetsa takisi, aphunzitsi, onse ankakankhana mu mzere wopapatiza wa mashopu ngati kukugawidwa ufa waulere. Jilali, amene zaka zitatu zapitazo ankagulitsa mabatire pamkeka, tsopano anali ndi mafoni awiri ndi jekete lachikopa, ndipo anali atayamba kuliyang'ana khoma lomulekanitsa ndi Mbarek ngati dzino lofunika kuzula.

Mbarek anali atakonza mawayilesi ndi zokuzira mawu za m'mizikiti mu shopu imeneyo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Tsopano khamu la olumphalumpha linkamutsekera khomo kuyambira m'mawa. Anakangana naye Jilali kawiri. Kachitatu sanalankhule, anangopita nkuzula pulagi. Mzere wonse unkaikumbukira nkhani imeneyo, ndipo Lachisanu lina unaikumbukira bwino kwambiri.

Lachisanu amuna akamapita ku mzikiti kukapemphera swala satseka mashopu. Aliyense amangopingasa ndodo pakhomo nkupita. Mbarek, chifukwa cha bondo lake losapindika, ankapemphera chokhala mu shopu mwake, ndiye makomo asanu ndi awiri a mzerewo ankatsala m'manja mwake. Palibe ndi waya womwe umene unasowapo.

Tsiku limenelo amuna atangobwerako, Jilali anatuluka mu shopu yake akukuwa.

"Bwerani mudzaone! Bwerani mudzaone mlonda wathu woyera mtima! Ndasiya makatoni khumi ndi anayi, ndapeza khumi ndi atatu!"

Mbarek anaika pansi chitsulo chowotcherera mawaya. "Tsitsa mawu, Jilali. Anthu angochoka kumene pamaso pa Mulungu."

"Ine ndachoka pamaso pa Mulungu. Nanga iwe wachoka pati?"

Jilali anali wa msinkhu wa mwana woyamba wa Mbarek, ndipo ngakhale tsiku la pulagi lija sanamutchulepo iwe.

A Haj Tibari, mkulu wa msika, anafika akukoka phazi, tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ili m'manja. Anamvetsera Jilali mpaka thovu linauma pakamwa, kenako anatembenukira kwa Mbarek, namutchula ndi Si, mawu aulemu a kumeneko onga akuti bambo.

"Si Mbarek, munachokapo pamalo panu?"

"Sindinasunthe."

"Ndani anadutsa ndodo ya Jilali?"

"Palibe."

"Mwaganiza bwino?"

"Palibe amene analowa, a Haj. Ndikanamuona."

"Mwamva!" Jilali anaomba m'manja. "Palibe analowa, katoni yatuluka. Ndiye yamera miyendo? Kapena yalowa m'mimba mwa wayilesi yakufa? Bwerani ndi tochi, muunike pansi pa benchi la m'dalayu!"

Anaunikadi. Mbarek anaima panja, manja kumbuyo, akuona anthu amene anamwa nawo tiyi zaka zambiri akutembenuza mabokosi ake a zomangira. Sanapeze kanthu, koma nkhope zawo sizinasinthe.

A Haj anausa moyo. "Inu ndi ine tadziwana kalekale, Si Mbarek, koma lamulo la ndodo si langa. Katundu akasowa m'manja mwa wotsala, wotsalayo ayankhe. Ikamakwana swala ya Magharibi, ya polowa dzuwa, katoniyo isanaoneke, shopu yanu ndiikhoma loko wa msika, ndipo nkhani ipita kupolisi."

"Khomalo ndidzagwetsa ndekha," anatero Jilali. "Sindidzafuna ndi mmisiri yemwe."

*

"Ndione pamene panali katoniyo," Mbarek anatero.

"Ukaone chiyani? Ukusankha yachiwiri?"

"Musiye aone," anatero a Haj.

Mu shopu ya Jilali nyimbo inali ikugunda monga mwa masiku onse, chifukwa makina oonetsera anthu sankawazimitsa ngakhale Lachisanu. Makatoni anali mu milu iwiri pakona. Mbarek anawayang'ana osawakhudza. Asanu mwa iwo anali ogadamitsidwa, kunsi kukuloza kumwamba.

"Umawaika chonchi?"

"Kodi ndimaoneka ngati wamisala?"

"Imene yasowa inali pamwamba?"

Jilali anachedwa pang'ono. "Inali pakati."

"Wadziwa bwanji, poti onse ndi ofanana?"

"Katundu wanga ndimamudziwa. Iwe samala za mawayilesi a anthu akufa."

Mbarek anayang'ananso miluyo. Wakuba wa mumsika amatola ya pamwamba nkuthamanga. Uyu anataya nthawi kutembenuza makatoni asanu, kuyang'ana kunsi kwake, nkuwasiya. Sankafuna makina. Ankafuna makina amodzi.

Pa kauntala panali mbale yadothi ya kusikusi, chakudya cha tirigu cha pa Lachisanu, yosaphimba, ntchentche zitayamba kale msonkhano pa maungu. Pansi panali kansalu koyera ka mizere yobiriwira, phazi la munthu litakadinda.

"Nsalu iyi inali pati?"

"Pa diso. Wakubayo anaphimba diso langa loonetsera." Jilali anaseka mwachipongwe. "Ngati kuti diso limagwira akuba! Aliyense mumsika muno akudziwa kuti limangoona munthu amene akusewera."

"Ndiye ine ndikanaliphimbiranji?"

"Kuti tiziti si iwe. Si paja unapita ku sukulu iwe?"

Mbarek anawerama movutika natola nsaluyo. Pakati pake panali ponyowa, mozungulira ngati mwezi. Anainunkhiza. Inkanunkha batala ndi msuzi. Anayang'ana mbale yosaphimba ija, nayang'ananso Jilali, koma Jilali anali akuyankha foni. Mwamuna ameneyu ankadziwa mtengo wa chingwe chilichonse mumsika, koma nsalu za m'nyumba sankazidziwa.

Mbarek anaipinda naiika m'thumba la jalaba, mkanjo wake wautali.

*

Pakhomo anagundana ndi Abdelilah, mwini tiyirumu ya ku Oulfa, dera limene Jilali ankakhala, munthu wamimba yaikulu amene ankalankhula ngati akuulutsa mpira.

"Zoona zimene ndamvazi? Yanga? Pa makatoni onsewa, wakubayo wasankha yanga? Ndikulumbira pa manda a mayi anga, ine ndinabadwa tsiku loipa!"

Jilali anali akadali pa foni. Mbarek anamugwira Abdelilah pa chigongono namukokera pambali.

"Munali mutasankhiratu katoni, Si Abdelilah?"

"Anandisankhira mwini wake Lachiwiri. Akuti iwe ndiwe mnansi wanga, tenga iyi, ndakuchotsera madirihamu mazana atatu. Jilali kuchotsa mtengo! Ndinayang'ana kumwamba kuona ngati kukugwa matalala."

"Anati chifukwa chiyani?"

"Pulasitiki yake inapserera pang'ono kunsi, pakona. Akuti dzuwa la padoko. Ine ndinati kodi makasitomala anga amwa pulasitiki?"

Mbarek anangogwedeza mutu. Dzuwa la padoko silipsereza kona imodzi ya kunsi. Mzere wonse unkadziwa chimene chimapsereza motero: munthu akatsegula katoni, nkugwiritsa ntchito makina, nkuwabwezeramo, amakulunga pulasitiki yatsopano nkuiumitsa ndi choumitsira tsitsi. Dzanja likachedwa pakona, pamapserera.

"Munkafuna kuwaika pati makinawo?"

"Pakhoma lonse, m'dala wanga! Ndagula chinsalu choyera kuchokera kudenga mpaka pansi. Mawa ndimatsegulira. Anthu a mu msewu wonse abwera, ngakhale asewere ake a Jilali, bambo a mnyamata amene akukwatira Ikram, mwana wa Jilali, sabata ya mawa. Aja osaseka aja, amene amatseka mawindo mkazi wawo akamayetsemula. Ati abwera kudzaona ngati ndi za Satana." Anaseka mpaka mimba inagwedezeka. "Koma chokoma kwambiri mukuchidziwa? Gemu ikatha, imaonetsa zithunzi zako. Imakujambula uli m'malere, kukamwa kuli yasa, malaya atakwera pamchombo. Ndipo sizichoka! Zimakhala momwemo. Ukangoyatsa, zonse za dzulo ndi dzana zimabwera zikudutsa chimodzichimodzi. Ndiye taganizani shehe wathu wa ku..."

Mbarek sanamvenso zotsalazo. Funso la Nouhaila, limene linakhala miyezi inayi lopanda yankho, linali litayankhidwa ndi munthu wogulitsa tiyi. Diso limasunga zimene laona m'mimba mwa makina. Makina atsopano sakhala ndi chithunzi chilichonse. Koma amenewa sanali atsopano, ndipo panali munthu wina amene ankadziwa zimene zinali mkatimo.

*

Laaroussi wonyamula katundu anali pa geti, atatsamira ngolo yake, akutokosa m'mano ndi kamtengo. Lachisanu lililonse ankazungulira m'nyumba za amalonda kutenga mbale za kusikusi nkudzazitula m'mashopu amuna ali ku mzikiti.

"Ndamva kuti mwayamba kuba, Si Mbarek. Mwachedwa. Anzanu anayamba ali ndi mano."

"Wanyamula mbale zingati lero?"

"Zisanu. Msana wanga ndi umene umawerenga, sulakwitsa."

"Si paja zimakhala zisanu ndi imodzi?"

Laaroussi analavula kamtengo kaja. "Musandikumbutse. Ndakankha ngolo mpaka ku Oulfa, thukuta mpaka m'nsapato, ndagogoda kwa Jilali, mawu atuluka pawindo: bwererani, lero tatumiza kale. Tatumiza kale! Kodi Laaroussi wafa? Mwamuika liti, osandiitana?"

"Anatumiza ndani?"

"Ndikanadziwa bwenzi nditamuthyola mwendo. Inu simunamuone? Si inu mlonda?"

Mbarek anatsegula pakamwa kuti anene kuti palibe amene anabwera, koma pomwepo anakumbukira. Anadziona atakhala pa benchi lake, mzere uli mbee, nyimbo ya Jilali ikugunda. Anamva kulira kwa zibangili, ndi masilipasi opepuka. Anaona mpendero wa jalaba ya mtundu wa phulusa ukudutsa pakhomo pake. Ndipo anachita zimene bambo ake anamuphunzitsa, zimene mwamuna aliyense wolongosoka mu mzerewo akanachita mkazi wa mnzake akamabweretsa chakudya: anagwetsa maso pa ntchito yake, osawadzutsa mpaka zibangilizo zitabwerera. Anachedwa bwanji mayiyo, iye sanawerenge. Munthu suwerengera nthawi mkazi amene sukumuyang'ana.

A Haj anamufunsa kawiri, ndipo kawiri konse ananama osadziwa.

"Mwatani, m'dala? Mwaona mzukwa?"

"Ndiimitsire takisi."

*

Jilali atamva kuti Mbarek akutuluka mumsika anathamangira ku geti. "Akuthawa! A Haj, mukumuona? Akukaigulitsa!"

Mbarek anatulutsa makiyi a shopu yake nawaika m'dzanja la a Haj Tibari. "Ndikapanda kubwera, simuvutika ndi loko wanu."

Muazini, woitanira anthu ku mzikiti, anali akuitana swala ya Asiri ya chakumadzulo pamene takisi yofiira inamutsitsa ku Oulfa. Anakwera masitepe atatu a nyumba ya Jilali, bondo likulira, nagogoda. Kenako anabwerera pambali, kutembenukira kukhoma.

Chitseko chinatseguka pang'ono chabe, mkazi wa Jilali nkulankhulira mkati.

"Bambo kulibe."

"Ndikudziwa komwe ali, Lalla Zhor. Ndine Mbarek wa mawayilesi. Ndabweretsa nsalu yanu."

Anaitambasulira cha pa mpata paja osayang'ana. Kenako zibangili zinalira, koma nsaluyo sanailandire.

"Nsalu zotere zili m'nyumba iliyonse."

"Inde. Koma mbale yosaphimba ili mu shopu imodzi yokha."

"Mukufuna chiyani?"

"Amuna anu anditcha wakuba pamaso pa msika wonse. Dzuwa likalowa ndilibe shopu."

"Zimenezo mukakambirane amuna okhaokha. Inu simunandione. Munanena nokha, ndamva kale pa foni. Mwamuna wamkulu ngati inu, mukaima pamaso pa a Haj nkunena kuti mumasuzumira akazi a eni?"

Mawuwo anamulasa, chifukwa anali oona.

"Sindinakuoneni. Koma ndikudziwa kuti makinawo anakhala m'nyumba muno asanabwerere mu katoni. Ndikudziwa kuti munayang'ana kona yopserera. Ndikudziwanso kuti mawa amayenera kuyatsidwa pakhoma la Abdelilah."

Chitseko chinagwedezeka ngati munthu wachitsamira. Mawu atabweranso anali otsika, koma ukali sunathe.

"Anabwera nawo pa chikondwerero cha Idi kuti adzionetsere kwa alendo. Anati aliyense wowakhudza amudula manja. Kenako anapita ku Tanja kukatenga katundu, masiku atatu. Ikram ndi azibale ake anali muno akusoka za ukwati. Atsikana asanu ndi awiri, zitseko zotseka, kunja kukutentha. Mukufuna ndikuuzeni mmene atsikana amavalira akakhala okha?"

"Ayi."

"Anavina. Inenso ndinavina, ndi imvi zangazi. Chinthucho chinkatijambula ife nkumaseka. Tinkayesa ndi galasi, ukachokapo zatha. Dzulo mwana wa mchemwali wanga ndi amene wandiuza kuti sizitha. Ndipo usiku bambo akudya akuti, makina aja ndamugulitsa Abdelilah, asewere athu akakhala mpando wa kutsogolo." Anapuma mwamphamvu. "Ndinagwira katoniyo ndi manja angawa iye akuumitsa pulasitiki ndi choumitsira changa. Ndimaidziwa kuposa iye."

"Bwanji simunawauze?"

Mayiyo anaseka kuseka kowawa. "Mumakhala naye khoma limodzi. Mumamuuza zinthu inu?"

"Ali kuti makinawo?"

"Padenga, mu beseni, pansi pa zochapa. Ndikudikira Ikram apite kwa telala kuti ndithiremo madzi. Iye sakudziwa kanthu, ndipo sadzadziwa."

"Musathire. Madzi amapha makina, koma zithunzi saziphera limodzi. Wina wodziwa akhoza kuzitulutsa. Pali njira yozifufutira. Ndimaidziwa."

"Kuti muzione kaye?"

"Zimatheka popanda TV. Ndimachotsa kachitsulo kosungira nkukafufuta pa kompyuta yanga. Pamangooneka manambala."

Pansi pa masitepe mwana wina ankagubuduza botolo.

"Ndiye mukanena," anatero Zhor. Silinali funso.

"Ndili ndi dzina, Lalla."

"Dzina lanu latha ntchito yake, Si Mbarek. Mwakwatira nalo, mwabereka nalo, mwakalamba nalo. La mwana wanga silinayambe nkomwe. A Haj akangomva, madzulo ano akazi awo amva, mawa nyumba yonse yosambiramo akazi yamva. Palibe adzafunse kuti mu zithunzimo muli chiyani. Aliyense adzajambula zake m'mutu. Banja lija libweza mphete Lamulungu lisanafike."

"Sindinganene kuti ndinaba."

"Ndiye pitani mukachite zimene amuna mumachita."

Chitseko chinatsekeka, nsalu ikadali m'manja mwake.

*

Mu takisi yobwerera Mbarek anawerengera umboni wake m'mutu. Nkhani yake inali yokwanira. Anali ndi nsalu, anali ndi Laaroussi, anali ndi Abdelilah ndi kona yake yopserera. Akanangoima pakati pa mzere nkuziyala chimodzichimodzi, Jilali sakanadzutsanso mutu mumsika umenewo. Analilakalaka tsiku lotere miyezi yambiri. Koma pa mawu aliwonse amene ankakonza m'mutu, dzina la Ikram linkatulukira kumapeto kwake, mtsikana amene kale ankabwera ndi yunifolomu ya sukulu kudzapempha kuti amukonzere kawayilesi kofiira.

Anafika dzuwa litatsamira pa madenga a malata. A Haj anali atakhala pampando pakati pa mashopu awiri aja, loko ali pa ntchafu, ndipo anthu amene sankagula kanthu anali ambiri kuposa ogula.

"Wabwera chimanjamanja!" Jilali anakuwa. "Wagulitsa zingati, gogo? Zikwanira bokosi la maliro?"

"A Haj, ndipatseni mphindi khumi ndi munthuyu. Awiriwiri."

"Ndilibe chinsinsi ndi akuba ine. Nena pompano!"

"Ukufunadi ndinene pompano?" Mbarek anamuyang'ana m'maso. "Ndiyambire pa dzuwa la padoko?"

Kumwetulira kwa Jilali kunauma. Analowa mu shopu, Mbarek namutsatira nakokera chitseko cha malata mpaka m'chiuno. Kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka, Jilali anazimitsa yekha nyimbo.

Mbarek anayala nsalu ija pa mbale ya kusikusi wozizira. Bwalo lonyowa linagwera ndendende pa mkombero wa mbaleyo.

"Lero Laaroussi sananyamule mbale yako. Makina ako ali kwanu, padenga. Usafunse zambiri mpaka nditamaliza."

Anamuuza mwachidule, mopanda zokometsera. Atatchula Tanja, nkhope ya Jilali inafiira. Atatchula khoma la Abdelilah ndi mpando wa kutsogolo, inachita phulusa. Jilali anakhala pa katoni, kenako anadzambatuka, nkutola makiyi a njinga yake yamoto.

"Ndikamupha. Onse awiri. M'nyumba mwanga, ine nditaletsa..."

Mbarek anaima pakhomo. Sanali wamphamvu, koma khomolo linali laling'ono.

"Khala pansi. Amene anatsegula katoni ndi ndani? Amene anaikulunganso nkuitcha yatsopano ndi ndani? Ukanakhala mawa mu tiyirumu, pafupi ndi asewere ako, ukuwathirira tiyi, mwana wako nkutulukira pakhoma. Unamugulitsa wekha, nkuchotserako mazana atatu. Mkazi wako wakuwombola lero ndi mbale ya kusikusi."

"Usatchule mwana wanga pakamwa pako!"

"Ndikuyesetsa kuti asatchulidwe pakamwa pa aliyense. Iwe ukundivutitsa."

Jilali anapumira m'mwamba. Panja anthu ankang'ung'udza, ndipo a Haj anagogoda malata ndi loko.

"Ukufuna chiyani?" Jilali ananong'ona. "Ndalama? Makina amodzi?"

"Utuluke, uime pamalo pomwe unaima masana paja, ndi mawu omwe aja, osati a pansi. Unene kuti katoni ili kunyumba kwako. Si bodza. Unene kuti Si Mbarek sanabe kanthu."

"Andiseka mpaka chaka chamawa."

"Akuseka ndithu. Ine ndiyamba."

"Ndikakana?"

"Ndiwauza a Haj abweretse mpeni, titsegule makatoni khumi ndi atatu onsewa pamaso pa Abdelilah. Za kunyumba kwako sinditchula, ngakhale anditsekere. Koma iwe sudzagulitsanso ndi batire lomwe mumsika muno."

Jilali anayang'ana milu ya makatoni ija. Sananene kuti ena onsewo ndi atsopano.

"Chachiwiri," anatero Mbarek. "Kunyumba kuja sukakweza dzanja, sukakweza mawu. Ikram sakudziwa kanthu. Mkazi wanga amapita ku nyumba yosambiramo akazi tsiku limodzi ndi mkazi wako. Akadzaona kachipsera kamodzi, ndibwera ndi mpeni uja."

"Ndiwe njoka, m'dala iwe."

"Inu."

Jilali anakukuta mano. "Ndinu njoka."

Kutali muazini anayesa chokuzira mawu, chinalira kawiri. Jilali anapukuta nkhope ndi chikhatho. Atalankhulanso, mawu ake anali ngati a munthu wina.

"Nanga zithunzizo? Mukaziona inu."

"Ubwere nawo mawa m'mawa msika usanadzaze. Ukhale pambali panga, uone manja anga. TV siyaka."

"Ndikhulupirira bwanji kuti tsiku lina tikadzayambana simudzazinena? Tidzayambana ndithu. Khoma lija ndikulifunabe."

"Ndikudziwa. Ndipo pulagi ndidzazulanso." Mbarek anatambasula dzanja. "Tidzatukwanizana za khoma, za phokoso, za chilichonse chimene ungafune. Koma iyi ndikulumbira pamaso pa Mulungu: sidzatuluka pakamwa panga, kaya kwa mkazi wanga, kaya pa tsiku limene ndidzakuda kwambiri. Tsopano lumbira yako."

Jilali analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, dzanja la zipsera za moto wa mawaya. Kenako analigwira, molimba kuposa mmene zinkafunikira.

"Sindikawakhudza," anatero. "Pali Mulungu, sindikawakhudza. Kwezani chitsekocho ndikadzichititse manyazi."